Thukuta la Munthu ndi Mtengo Wake

Pali funso limene likumveka kawirikawiri m'misika, m'malo okwerera basi ndi pansi pa mitengo pamene anyamata amaswera akusewera bawo. Funsolo ndi lakuti: kodi n'kwanzeru kuti munthu azikhetsa thukuta kuyambira m'mamawa kufikira dzuwa litalowa, kuswa miyala, kuumba njerwa, kuthyola tiyi kapena kupalira m'munda wa mwini, pamene malipiro ake sakwanira ngakhale ufa ndi ndiwo za tsikulo? Akuluakulu ambiri amayankha msanga kuti ntchito ndi ntchito, ndipo wokana khasu ndi mlesi. Anyamata nawonso amayankha msanga kuti kuli bwino kugona ndi njala thupi lili lopuma kusiyana ndi kugona ndi njala yomweyo msana ukuwawa. Mayankho awiriwa ali ndi choonadi pang'ono, koma palibe limene lingathandize dziko. Nkhaniyi iyenera kuweruzidwa modekha, makamaka ndi aphunzitsi ndi antchito a Boma, pakuti iwo ndiwo amene anthu a m'midzi amapitako kukafunsa nzeru, ndiponso ambiri a iwo ali ndi antchito awoawo pakhomo ndi kumunda.

Poyamba payenera kunenedwa mosabisa kuti ntchito ya manja si yochititsa manyazi. Dziko la Malawi limadya za m'nthaka, ndipo fodya, tiyi ndi shuga zimene zakhala zikulibweretsera ndalama zakunja zonse zimadutsa m'manja a anthu okhetsa thukuta. Palibe sukulu kapena chipatala chimene chinaima popanda woumba njerwa ndi wotunga madzi. Komatu kulemekeza ntchito ndi nkhani ina, ndipo kuvomereza malipiro ena alionse ndi nkhani inanso. Ntchito yolemetsa iyenera kuyesedwa ndi mafunso atatu. Loyamba, kodi malipiro ake abweza m'thupi mphamvu zimene ntchitoyo yachotsa, ndi kudyetsanso ana a wantchitoyo? Lachiwiri, kodi munthuyo wasiya chiyani kwawo kuti akagwire ntchito ya mwini? Lachitatu, kodi ntchitoyo ikadzatha adzatsala ndi chiyani: luso, kandalama kosunga ndi thupi la moyo, kapena matenda okhaokha? Mbiri ya dziko lino yayankha kale mafunso amenewa kangapo konse.

Kumene malipiro ochepa anachokera

Dziko lino litalowa m'manja mwa Britain m'chaka cha 1891, Azungu amene anatenga malo aakulu ku Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje anapeza kuti nthaka ali nayo koma manja alibe. Anthu a m'midzi anali ndi minda yawo, ndipo nyengo imene mwini esiteti ankafuna antchito kwambiri, ndiyo ya dzinja, inali nyengo yomweyo imene munthu aliyense ankafunika m'munda mwake. Malipiro a pa esiteti sanali okwanira kukopa munthu kuti asiye chimanga chake chidyedwe ndi udzu. M'malo mokweza malipirowo, atsamunda anapeza njira zina. Anaika msonkho wa nyumba wa masheleni 3 pa chaka, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 analamula kuti munthu amene sanagwire ntchito kwa Mzungu mwezi wathunthu azipereka masheleni 6. Motero msonkho unasanduka chikoti chothamangitsira anthu ku ntchito.

Njira ina inali thangata. Kale liwu limeneli linali labwino, pakuti linkatanthauza kuthandiza mnansi kapena mfumu pa ntchito imene munthu mmodzi sangaithe. Pa maesiteti liwulo linatembenuzidwa, ndipo linayamba kutanthauza ntchito imene banja linkagwira kuti liloledwe kukhala pa malo a Mzungu. Ambiri amene anasenza goli limeneli anali Alomwe ochokera ku Mozambique, amene analibe kwina kolowera. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, anthu ankadandaula kuti mwezi wa thangata unkatalikitsidwa dala, ndiponso kuti nthawi zina ankalipidwa fodya m'malo mwa ndalama. Madandaulo amenewa anali pakati pa zifukwa zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu Januwale 1915, mmene woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, anaphedwa. Komabe thangata linapitirira zaka zina zambiri, ndipo linathetsedwa m'malamulo m'chaka cha 1962.

Phunziro la mbiri imeneyi ndi loonekeratu. Malipirowo akadakhala oyenera, sipakadafunika msonkho wowirikiza kapena kuopseza anthu kuti achotsedwa pa malo. Anthu amene ankatchedwa alesi ndi omwewo amene ankalima minda yawo ndi khasu la m'manja ndi kudzaza nkhokwe. Chimene ankakana chinali mtengo umene unaikidwa pa thukuta lawo. Tsono amene afulumira kutchula mnzake mlesi masiku ano ayenera kukumbukira kuti liwu limeneli lakhala chida cha olemba ntchito osafuna kulipira kuyambira kalekale.

Ulendo wa ku Joni

Popeza malipiro a kwawo anali ochepa chotero, amuna ambiri anasankha kunyamula thukuta lawo kukaligulitsa kunja. Ena anapita ku minda ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, ena ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, ndipo ena ku migodi ya golide ya ku Johannesburg. Komiti imene Boma la nthawiyo linaika m'chaka cha 1935, motsogozedwa ndi Travers Lacey, inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja kwa dziko. M'midzi yambiri munatsala amayi, ana ndi nkhalamba, ndipo chinenero chinalandira liwu lachisoni lakuti machona, kunena amene anapita osabwerera.

Sikungakhale chilungamo kunena kuti ulendowo unalibe phindu. Amene anapita ndi Wenela, ndilo bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, kapena ndi Mthandizi, ambiri anabwera ndi njinga, makina osokera, mabulangeti ndi malata. Ena anagula ng'ombe, ena anatsegula magolosale, ndipo pali aphunzitsi ndi akuluakulu a m'maofesi amene fizi yawo inachokera pansi pa mgodi. Mwambo wosunga gawo lina la malipiro kuti munthu adzalandire atafika kwawo unathandiza kuti ndalamazo zisathere m'njira. Pa funso lachitatu lija, lakuti munthu atsala ndi chiyani, mabanja ena akadayankha mokondwa.

Koma mtengo wake unali waukulu. M'chaka cha 1913 Boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kuno chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, ndipo kulembako kunayambanso m'zaka za m'ma 1930. Katswiri wa zachuma wa ku Cape Town, Francis Wilson, anasonyeza m'buku lake la m'chaka cha 1972 kuti zimene malipiro a munthu wakuda wa mu mgodi wa golide ankatha kugula m'chaka cha 1969 sizinapose zimene ankagula m'chaka cha 1911. Zaka 58 zinapita, migodi inazama, eni ake analemera, koma wokumba anali pomwepo. Eni migodi ankalemba anthu kudzera pa khomo limodzi kuti asamapikisane pa malipiro, ndipo ankadalira kuti mkazi wotsala kumudzi adyetsa yekha ana ndi khasu lake. Kunena zoona, munda wa mayi wa ku Dedza kapena ku Mzimba ndiwo unkalipira gawo limene mgodi unkakana kulipira.

Zimene zinachitika m'chaka cha 1974 ziyenera kudziwika kwa mphunzitsi aliyense. Nthawi imeneyo Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo chaka chimenecho ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo anafa. Pulezidenti wa nthawiyo, Dr. H. Kamuzu Banda, analetsa Wenela kulembanso anthu m'dziko muno. Pa nthawi yomweyo ulamuliro wa Apwitikizi ku Mozambique unali kugwa, ndipo mtengo wa golide unali utakwera kwambiri. Eni migodi ataona kuti manja akusowa, anakweza malipiro kangapo m'zaka zowerengeka chabe. Ndalama zimene kwa zaka zoposa 50 zinkanenedwa kuti palibe zinapezeka mwadzidzidzi. Apa n'zoonekeratu kuti malipiro sagwa kuchokera kumwamba ngati mvula. Amaikidwa ndi anthu, ndipo amakwera pamene wantchito ali ndi kwina kolowera. Kulemba Amalawi kunayambanso pang'ono m'chaka cha 1977 kudzera mwa Theba, ndipo kunatheratu m'chaka cha 1988.

Ngongole ina ya ulendowo inatsalira m'zifuwa. Fumbi la miyala ya mu mgodi limawononga mapapo pang'onopang'ono, n'kubweretsa matenda otchedwa silicosis ndi chifuwa chachikulu cha TB, ndipo kawirikawiri matendawa amaonekera munthu atabwerera kale kumudzi. M'chaka cha 2018 makampani asanu ndi limodzi a golide anavomera kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni kwa odwala ndi kwa mabanja a omwalira, ndipo bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linavomereza mgwirizanowo m'chaka cha 2019. Bungwe la Tshiamiso Trust ndilo linapatsidwa ntchito yolipira. Koma chipepeso chobwera patapita zaka 40 chimapeza ambiri ali kumanda.

Ganyu wa m'dzinja

Lero Mmalawi wamba sakumana ndi funsoli pansi pa mgodi. Amakumana nalo pa munda wa mnansi wake. Kuyambira mwezi wa Disembala kufikira Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitauma, ndipo imeneyi ndiyo nyengo yopalira, yobandira ndi yothira feteleza. Bambo kapena mayi amene ana ake agona ndi njala amasiya munda wake n'kupita kukagwira ganyu kwa wopeza bwino, kumene amalipidwa mbale ya ufa, madeya kapena ndalama zowerengeredwa pa mzere. Madzulo banja limadya, ndipo palibe munthu wanzeru amene angamudzudzule. Koma masiku amene iye ali m'munda wa mwini, udzu ukukula m'munda mwake, ndipo chimanga chimene chapaliridwa mochedwa sichibereka monga chikadaberekera. Zokolola zikachepa, nkhokwe imauma msanga chaka chotsatira, ndipo munthu uja amayamba ganyu mofulumira kuposa kale.

Palinso msampha wachiwiri. Popeza mabanja ambiri amafuna ganyu nthawi imodzi, mtengo wa ganyu umatsika, pamene mtengo wa chimanga pa msika uli pamwamba kuposa nyengo ina iliyonse ya chaka. Wosauka amagulitsa mphamvu zake pamene zili zotchipa, n'kugula chakudya pamene chili chodula. Iye ndi munthu wakhama ndithu, mwina woposa onse m'mudzimo, koma khama lake likudzaza nkhokwe ya wina.

Akatswiri atatu, Günther Fink, Kelsey Jack ndi Felix Masiye wa ku University of Zambia, anayesa nkhani imeneyi m'midzi ya m'boma la Chipata, kumene anthu amalima ndi kulankhula monga a ku Mchinji, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa m'chaka cha 2020. M'midzi ina alimi anabwerekedwa chimanga kapena ndalama pang'ono m'nyengo ya njala, zoti adzabweze akakolola. Zotsatira zake zinali zakuti alimiwo anachepetsa ganyu, anagwira ntchito yambiri m'minda yawo, ndipo anakolola zochuluka. Chinanso n'chakuti mtengo wa ganyu m'midzi imeneyo unakwera, popeza ofuna ganyu anachepa. Palibe amene anakhala pansi n'kupinda manja atalandira thandizo. Thukuta linali lomwelo, koma linagwera pa nthaka ya mwini thukutalo. Izi zikufanana ndi zimene zinaoneka ku migodi m'chaka cha 1974, ngakhale kuti apa ndi pa mudzi chabe.

Chimene malamulo achita

Malamulo a dziko lino sanaisiye nkhaniyi m'manja mwa olemba ntchito okha. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko a m'chaka cha 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 linaika maola 48 pa sabata kukhala malire a ntchito ya masiku onse, ndipo linaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. M'chaka chomwecho munakhazikitsidwanso lamulo la chipepeso cha wovulala pa ntchito.

M'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, kumene anthu pafupifupi 50,000 amalembedwa ntchito m'nyengo yothyola, eni minda kudzera m'bungwe la Tea Association of Malawi anasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la antchito awo m'chaka cha 2016. Chimene wothyola tiyi mmodzi sakadatha kupempha yekha, anthu ogwirizana anachipeza pa tebulo la zokambirana, pakuti mutu umodzi susenza denga. M'minda ya fodya munali mwambo wa matenanti, mmene banja lonse linkatengedwa kupita ku Kasungu, Mchinji kapena Rumphi, n'kumapatsidwa chakudya ndi zipangizo pa ngongole, ndipo pa mapeto a chaka mwini esiteti ankagula fodyayo pa mtengo woika yekha n'kudula ngongole yake. Mabanja ambiri ankatsala opanda kanthu, ana awo atataya chaka cha sukulu. M'chaka cha 2019 dziko la United States linayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani zotere, ndipo m'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa mwambowo. Limeneli linali thangata lovala malaya ena, ndipo kuthetsedwa kwake n'koyenera kuyamikiridwa.

Malipiro ochepetsetsa a antchito ambiri anaikidwa pa K50,000 pa mwezi m'chaka cha 2021, ndipo anakwezedwa kufika pa K90,000 m'chaka cha 2024. Koma owerenga amene amadziwa masamu aona kuti nambala yokha siikhutitsa mimba. Kumayambiriro kwa 2021 ndalama zokwana K50,000 zinali zoposa madola 60 a ku America. Kwacha itagwa mphamvu mu Meyi 2022 ndiponso mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inafika pa K1,700, ndalama zokwana K90,000 zinali pafupifupi madola 53. Choncho malipiro ayenera kuunikidwa kawirikawiri poyang'ana mtengo wa chimanga, sopo, mchere ndi lendi. Ndiponso lamulo lolembedwa ku Lilongwe silithandiza woswa miyala wa m'mbali mwa msewu ngati oyendera malo a ntchito safika kumene iye ali.

Olemba ntchito ena amanena kuti akakakamizidwa kulipira zambiri adzachepetsa antchito, ndipo mawu amenewa sayenera kunyozedwa. Mlimi wa maekala atatu kapena mwini chigayo chimodzi si kampani ya golide, ndipo sangapereke chimene alibe. Koma yankho lake lili m'kuchulukitsa zimene tsiku limodzi la ntchito limatulutsa. Munthu wokumba ndi khasu lakutha, wodya kamodzi pa tsiku, sangafanane ndi wokhala ndi wilibala, ngolo, mbewu yabwino ndi madzi othirira. Wantchito wanjala amagwira pang'ono ndipo amadwala kawirikawiri, kotero kuti malipiro ochepa kwambiri amabweza m'mbuyo ngakhale wolemba ntchito yemwe.

Yankho lake

Tsono kodi ntchito yolemetsa ya malipiro ochepa n'njoyenera kuigwira? Inde, pamene ili mlatho wopita kwina. Mnyamata wosakaniza matope pa chimango, amene maso ake ali pa manja a mmisiri, akulandira malipiro awiri, pakuti luso la kumanga silidzamuchoka. Mayi wogwira ganyu m'chilimwe, munda wake usanayambe kumufuna, kuti agule mbewu kapena mbuzi, akuchita mwanzeru. Kwa otere mwambi uja wakuti kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa, ndi woona. Ndipo mnyamata amene amaswera pa bawo, nadya nsima imene amake akalamba aivutikira, sangabisale kumbuyo kwa mbiri ya thangata, pakuti makolo amene anakana thangata sanakane khasu.

Koma iyayi, pamene ntchitoyo ikudya munda wa munthu, mapapo ake kapena sukulu ya mwana wake. Pamenepo sakulandira malipiro. Akubwereka kwa chaka chamawa pa chiwongoladzanja chachikulu. Ambiri amagwirabe ntchito zotere chifukwa njala siipereka mpata wosankha, ndipo udindo wa dziko ndi kuwapatsa mpatawo: chakudya kapena ngongole yaing'ono yofika m'manja Januwale asanathe, zipangizo za ulimi zofika mvula isanagwe, ntchito za chitukuko zoikidwa m'nyengo imene minda ili yopuma, ndi sukulu za ntchito za manja zofikirika kwa mwana wa m'mudzi. Mlangizi wa zaulimi, kalaliki wa kwa D.C. ndi woyendera malo a ntchito amene achedwetsa pepala pa tebulo lake ayenera kudziwa kuti kuchedwa kwa sabata ziwiri m'dzinja kungatanthauze nkhokwe youma chaka chonse.

Aphunzitsi ali ndi mbali yawo. Pa sukulu zambiri mwana wochedwa kapena wolongolola amapatsidwa khasu kapena chikwakwa monga chilango. Mwana wotero amakula akudziwa kuti ntchito ya manja ndi ya olakwa, ndipo akalephera mayeso amaona munda ngati ndende. Kukadakhala bwino munda wa sukulu ukadakhala malo ophunzirirapo masamu a zolowa ndi zotuluka, kuti mwana adziwe kuwerengera mtengo wa tsiku lake, ndi kudziwa pamene ganyu ali ndi phindu ndi pamene alibe.

Pomaliza, nkhaniyi ifika pa khomo la wowerenga aliyense wolandira malipiro pa mwezi. Pakhomopo pali mlonda amene amachezera usiku ndi udzudzu, mtsikana amene amadzuka onse asanadzuke, ndipo kumunda kuli aganyu amene amabwera mu Januwale maso atalowa m'kati ndi njala. N'chapafupi kudandaula kuti malipiro a Boma ndi ochepa, n'kutembenuka kukanenerera mtengo wa mzere kwa mayi amene sangathe kukana. Munthu amene agogo ake anasenza thangata kapena anatsikira mu mgodi wa ku Joni ayenera kukhala woyamba kulipira wantchito wake mokwanira, pa tsiku lake, ndi kumulola kupita kukapalira munda wake mvula ikagwa. Anyamata adzalemekeza khasu pamene adzaona kuti wogwira khasu akudya, akuvala, ndipo ana ake ali m'kalasi.